Thirotolo ya Galimoto Yanga Anaibwereketsa ku Kitwe

Ndinapereka galimoto ku garaja ya ba Lackson, kuseri kwa msika ku Matero, mu Lusaka muno, kuti anditsukire kachitsulo kamodzi. Kamodzi kokha. Eni ake anati ndi ntchito ya ola limodzi. Galimotoyo inakhala kumeneko mpaka sabata inatha, ina n'kuyamba.

Sindikulemba izi mokalipa. Ukali unandithera, sindikudziwanso kuti unathera pati. Ndikungofuna kuti inu amene muli ndi timagalimoto ta ku Japan iti, a ku George, a ku Matero, ndi anzanga amene tinachotsedwa ntchito limodzi, mudziwe mmene amagwirira ntchito pamalo paja. Mukawerenga mupatseko mnzanu.

Ndine Esnati, amake Chisomo, wa ku komboni ya George. Ndinagwira ntchito zaka zambiri m'chipinda chosungiramo katundu pa fakitale ina ku Industrial. Fakitale itagulitsidwa anatipatsa kandalama kotsanzikira n'kutiuza kuti tikadzionere tokha. Anzanga ena anagula mabelo a salaula, zovala za kaunjika zija. Ena anamwera. Ine ndinagula kagalimoto koyera kakale, kosintha magiya kokha, ndipo m'mawa uliwonse ndimanyamulira azimayi a pamsika matimati ndi kabichi kuchokera m'tauni. Ndiko kudya kwathu.

Galimotoyo inali ndi nthenda imodzi. Ikamathamanga inali bwinobwino. Koma ukangochotsa phazi pa moto, kaya pa maloboti kaya pa dzenje, inkanjenjemera n'kuzima. Ndinazolowera kuyendetsa phazi lina lili pa buleki, lina likugwirizira moto, makondakitala a minibasi akunditukwana kumbuyo. M'tauni zinkatheka ndithu.

Tsono atate anadwala.

Atate anga, a Kamwendo, anachoka ku Dedza ali mnyamata kudzafuna ntchito kuno. Anatsanzika kuti abwerera akagula njinga. Njinga anagula. Anakwatira amayi, tinabadwa ife, njinga inatha, amayi anamwalira, iwo ali pompano. Kwawo ankawatcha mchona ndipo iwo ankadziwa. Akamva munthu akutamanda Lusaka ankangoti, "Kwanu n'kwanu, mthengo mudalaka njoka," kenako n'kupitiriza kukhala mu Lusaka momwemo.

Mwezi watha kuchipatala anatiuza mosabisa. Chiwindi chatha. Palibenso chimene angachite. Tipite nawo kunyumba, tiziwapatsa chimene mtima wawo ukufuna. Chimene mtima wawo unkafuna sichinali chakudya.

"Mwanawe, ndiperekeze kwathu," anatero tsiku lomwelo. "Ndikamuone Nachisale. Ndikagone pafupi ndi amayi anga."

Nachisale ndi mlongo wawo, azakhali anga, yekhayo wotsala mwa onse obadwa nawo.

Amene muli ndi makolo ochokera ku Malawi mukudziwa mmene zimakhalira. Munthu wamoyo amadutsa pamalire ndi kapepala kamodzi. Maliro sadutsa choncho. Amafuna mapepala a uku ndi uko, mankhwala oumitsira thupi, bokosi lomata, galimoto yakeyake. Ndalama zake ife a ku George sitinazionepo ngakhale kumaloto. Ndiye nkhani inali yosavuta kumva: atate akafike ku Dedza akupuma, apo ayi adzagona ku manda a ku Chingwere, pakati pa anthu osawadziwa. Ulendo wa pa basi sakanautha. Mimba inali itatupa, kukhala tsonga kunali kwa kanthawi kochepa. Ndinayala matiresi pampando wakumbuyo. Ndinatumiza uthenga kwa azakhali kudzera kwa mayi wina wa geni yodutsa malire, kuti tinyamuka Lachitatu.

Chinatsala ndi nthenda ya galimoto ija. Mapiri a ku Luangwa mumawadziwa. Ndinadzifunsa kuti ikandizimira potsetsereka paja, wodwala ali kumbuyo, ndidzatani. Ndiye Lolemba, eyiti koloko m'mawa, ndinalowa pageti la ba Lackson.

Ba Lackson ndi bambo wonenepa, ovolosi yomangidwa m'chiuno, kamtengo kotokosera mano sikachoka pakamwa. Pakamwapo ndi pokoma. Anatsegula boneti, anamvetsera injini, n'kundilozera chitsulo chonga kholingo, pamene paipi ya mpweya imalowera mu injini. Anati dzina lake ndi thirotolo. M'kati mwake muli kachitseko kozungulira kamene kamatseguka ukaponda moto. Mwaye ndi fumbi la m'komboni zikamata pamenepo, injini imabanika galimoto ikaima. Anamasula paipi, anapisa chala, chinatuluka chakuda bii.

"Mwaona, amai? Ni doti chabe iyi," anatero. "Tizachosa, tisuke, tibweze. Pitani mukamwe tiyi. Mukabwela muzapeza motoka iimba."

Ndinawafotokozera zonse. Izi ndikufuna zimveke bwino, chifukwa ndamva kuti tsopano akuuza anthu kuti sankadziwa. Ndinawauza za atate. Ndinawauza za Dedza. Ndinawauza za Lachitatu. Anavula chipewa. Anati nawonso atate awo anafera kutali ndi kwawo.

"Osavutika mutima, amai. Ba mudala bazafika kwao."

Tiyi ndinakamwadi. Ndinabwerera leveni koloko. Chitsulo anali atachichotsa, atachitsuka, chili pa katoni padzuwa, chikuwala ngati supuni yatsopano. Ndinachiona ndi maso angawa. Anati chiyambe chauma, komanso kapepala kolimba komatira pakati pa chitsulocho ndi injini kang'ambika, atuma munthu m'tauni kukagula kena. Ndibwere madzulo. Madzulo ndinapeza geti lokhoma.

Lachiwiri ndinalawirira. Galimoto anali ataikankhira kumbuyo kwa garaja, pansi pa mtengo wa mapeyala, boneti yotseka. Ba Lackson anati munthu anamutuma m'tauni uja sanabwere. Kuchokera ku Matero kupita m'tauni ndi ulendo wogona panjira? Ndinafunsa choncho. Anaseka ngati ndanena nthabwala yabwino, n'kundilonjeza za mawa m'mawa.

"Mailo kuseni, amai. Muzanyamuka ndithu, lelo tizagona pa motoka yanu."

Lachitatu atate anadzuka tonse tisanadzuke. Anapempha Chisomo, mwana wanga wamkazi, kuti awaveke jekete la kutchalitchi ndi chipewa. Anatiuza kuti titulutse sutikesi yachitsulo imene anabwera nayo kuchokera ku Dedza, tiike pakhomo. M'katimo anali atatilongedzetsa kale chitenje cha Nachisale, shuga, sopo ndi mchere. Anati munthu sabwerera kwawo chimanjamanja, ngakhale atachedwa chotani. Anakhala pampando pafupi ndi sutikesiyo, atagwira mimba. Galimoto iliyonse ikamveka mumsewu ankadzutsa mutu.

"Ndi yathu imeneyo?"

Ine ndinali ku garaja. Tsiku limenelo chifukwa chinali magetsi. Ba Lackson anati magetsi azima, makina opopera mpweya sakugwira ntchito, ndiye sangapemerere chitsulo. Chitsulo chotsukidwa Lolemba, choumitsidwa padzuwa masiku awiri, chikufunanso mpweya wanji? Wailesi ya pa garajapo inali ikuimba, waya wake uli pakhoma. Ndinabwerera kunyumba wapansi, ndinathandiza Chisomo kuvula atate jekete.

Lachinayi ba Lackson kunalibe. Amakaniko awo anati apita kumaliro. Ndikafunsa za galimoto, aliyense ankangoti bosi ndiye akudziwa, n'kulowanso pansi pa minibasi. Ndinakhala pa tayala lakutha tsiku lonse. Kunyumba atate anavalanso jekete, analivulanso.

Lachisanu sindinapemphe munthu. Ndinapita pansi pa mtengo wa mapeyala paja n'kutsegula boneti ndekha. Pamalo pa thirotolo panali dzenje. M'dzenjemo anali atatsekamo sokosi yakale. Ndinayang'ana pa katoni, ndinayang'ana pa benchi, ndinasuzumira m'chitini cha palafini. Chitsulo changa panalibe.

Ba Lackson anafika cha m'ma teni, akudya chimanga chootcha.

"Chili kuti chitsulo changa?"

"Chiliko, amai."

"Kuti?"

"Chili pa testi."

Anafotokoza ali phee, ngati mphunzitsi wa Sande sukulu. Lolemba masana, ine nditangochoka, kunabwera bwana wina ndi galimoto ya mtundu womwewo, yosalira n'komwe, yochita kukokedwa. Iwo anaganizira thirotolo koma sanatsimikize. Ndiye anatenga yanga ija, yotsukatsuka, n'kuimanga pa galimoto ya bwanayo kuti aone.

"Ndiye mwamene tisebenzela, amai. Mamotoka aya ya manje yalibe masipeya mu shopu. Tikafuna kuziba vamene vavuta, tibweleka ku motoka inangu, tayesa, tabweza. Makanika bonse bachita so."

Galimoto ya bwana inalira. Bwana anakondwera. Anati akaiyese pamsewu pang'ono. Kuyesako kunakafika ku Kitwe, kumene anali ndi msonkhano wa ntchito. Abwera msonkhano ukatha.

"Munamuuza kuti chitsulocho ndi changa?"

"Aziba. Ni munthu mukulu uja, sangabe."

"Munamuuza za atate anga?"

Anayang'ana chitsononkho chimene chinali m'manja mwawo. Anachitembenuza. Anachiponya pansi.

"Amai, kasitoma uja atibweletsela mamotoka ya kampani yonse."

Ndiye ndikufunsani inu amene mukuwerenga. Mukapita kuchipatala kukatsukitsa khutu, amakudulani khutulo n'kukamata pa wodwala wina kuti aone ngati akumva? Mukapereka nsapato kwa wosoka, amaibwereketsa kwa wopita ku ukwati? Kapepala kong'ambika kaja, magetsi aja, maliro aja, zonsezo zinali zoti ine ndizingoyenda pamene chitsulo changa chikukwera misewu ya ku Copperbelt?

Sindinakuwe. Anthu amandidziwa kuti pakamwa ndili napo, pamsika amandiopa. Koma tsiku limenelo m'mutu munangoti zii. Ndinafunsa ngati angamange thirotolo ya bwanayo pa galimoto yanga. Anati yafa zamagetsi. Ndinafunsa ngati angabwereke pa galimoto ina, poti kubwereka ndiye luso lawo. Anati ya mtundu umenewo palibe. Ndinafunsa dzina la bwanayo, kapena nambala ya foni ya kuntchito kwake. Anati sangapereke, n'zachinsinsi cha kasitomala. Chinsinsi ali nacho ndi kasitomala mmodzi yekha pa garaja ija.

Ndinapita kupolisi. Wapolisi anandimvetsera bwino, kenako anati munthu akanena kuti abweza ndiye kuti sanabe, tikagwirizane tokha. Ndinazungulira kwa ogulitsa zitsulo zakale m'tauni mpaka mapazi anatupa. Ena sanachidziwe n'komwe, ankandionetsa makabureta a magalimoto akale. Mmodzi anati achiitanitsa kunja, chifika mwezi wamawa. Ndinalankhula ndi madalaivala awiri kuti atinyamule. Woyamba analibe mapepala odutsira malire. Wachiwiri anabwera kudzaona atate, anaima pakhomo, n'kundikokera pambali. Anati munthu ameneyu akamuthera panjira, mlandu udzakhala wa ndani? Sindinamuimbe mlandu. Izi ndikunena chifukwa alipo amene akundifunsa kuti bwanji sindinapeze njira ina.

Madzulo a Lachisanu ndinawauza atate zoona. Ndinaona kuti kunamizidwa kwakwana, ine ndisawonjezerepo. Anamvetsera maso ali otseka. Kenako anaseka pang'ono, kuseka kowawa m'mimba.

"Ndiye nacho chitsulo chako chachona," anatero. "Chisiye. Chibwera chikagula njinga."

Loweruka sanapemphe jekete. Lamlungu anapempha kuti titembenuze bedi liyang'ane kukhomo. Anayamba kunditchulira njira, ngati ndine mlendo. Chongwe. Mlatho wa Luangwa. Nyimba, tikagule nthochi. Petauke, Katete, Chipata. Tikadutsa malire tisafulumire. Tikafika pa boma la Dedza tikhotere kumanzere, tidzaona mtengo wa mkuyu, pambali pake pali chitsime. Sindikudziwa ngati mkuyuwo ulipobe. Iwo ankauona.

Lolemba ndinabwereranso ku garaja, chifukwa ba Lackson anati bwana afika Lamlungu usiku. Sanafike. Ndinakhala pa tayala langa lija. Dzuwa litakwera ndinaona amake Mutinta, mnansi wanga wa khomo loyandikana, ataima pageti. Sanalowe. Sanandiitane. Anangoima, atamanga chitenje m'chiuno, manja ali kumbuyo. Ndinadzuka pa tayala, ndinakung'untha fumbi pa siketi, ndinapita. Atate anamwalira ine ndili pa tayala la ba Lackson, ndikudikira chitsulo.

Misozi sinabwere tsiku limenelo. Mpaka lero sinabwere bwinobwino. Azimayi a kutchalitchi ankandiyang'ana, ena ankanong'onezana kuti ndine wouma mtima. Mwina ndi zoona. Ndinkangoona sutikesi pakhomo, anthu akuilambalala polowa ndi potuluka.

Bwana anabwera Lachiwiri. Masana a tsiku lomwelo ndinamva galimoto ikuima panja pa nyumba ya maliro. Ba Lackson anaibweretsa okha, ataitsuka ndi kunja komwe. Analowa mu tenti, anakhala ndi azibambo, anagwira anthu chanza, anaweramitsa mutu moyenera. Pochoka anatuma munthu kudzandiitana. Anandipatsa kiyi ndi manja awiri.

"Sole maningi, amai. Ni kufuna kwa Mulungu."

Ndinalandira kiyi.

"Ba bwana bakuti nikuuzeni, thirotolo yanu ni yabwino maningi. Kupita na kubwela, sinavuteko olo pang'ono." Anatsokomola. "Va leba tizakambisana malilo yakasila. Kulibe kufulumila."

Ndalemba mawu awo mmene anawanenera. Amake Mutinta analipo, anamva.

Tinaika maliro Lachitatu ku Chingwere. Bokosi linakwera lole ya kutchalitchi. Ine ndinatsatira pambuyo pake ndi galimoto yanga, azimayi atatu okalamba atakhala kumbuyo pa matiresi aja, chifukwa panalibe amene anakumbukira kuwachotsa. Mukudziwa mmene mdipiti wa maliro umayendera. Pang'onopang'ono. Kuima, kuyenda, kuima. Maenje, ana odutsa msewu, minibasi yotsekereza njira. Ndi mayendedwe omwe aja amene galimotoyo inkazimira, moti kale ikanazima kakhumi tisanatuluke mu George. Phazi langa linkangofunafuna moto kuti ligwirizire monga mwa chizolowezi. Panalibe chifukwa. Sinanjenjemere. Sinazime ngakhale kamodzi. Pageti la manda tinaima nthawi yaitali kudikira maliro ena atuluke, iyo ikungolira pansipansi, moti nyimbo ya pa lole ndinkaimva mawu onse.

Ntchito anaigwira bwino. Pamenepo sindingawanamizire.

Mayi wa geni uja anabwerako sabata yatha. Akuti azakhali anasesa nyumba, anazira pansi, anabwereka mphasa yatsopano. Lachitatu lija anakhala pamsewu mpaka dzuwa kulowa, Lachinayi chimodzimodzi. Uthenga wa maliro unawapeza mochedwa, mlongo wawo atakwiriridwa kale. Akuti sanafunse zambiri. Anangofunsa kuti galimoto inawonongeka panjira kapena bwanji.

Tsono chenjezo langa ndi ili. Mukapita ndi galimoto kukatsukitsa thirotolo, kaya kwa ba Lackson kaya kwina, musapite kukamwa tiyi. Khalani pomwepo. Ntchitoyo ndi yaifupi, ndinaiona: kumasula, kutsuka mwaye, kuumitsa, kubwezera. Chitsulo chikachoka pa injini, maso anu asachoke pa chitsulocho. Chipakeni kadontho ka utoto wa zikhadabo kuti muchizindikire. Akakankhira galimoto yanu kumbuyo n'kutseka boneti, tsegulani nokha tsiku lomwelo. Ndipo akavula chipewa pomva mavuto anu, musatengeke nazo. Chipewa chimavalidwanso.

Kwa inu ba Lackson ndili ndi mafunso ochepa. Anakulolani ndani kubwereketsa chinthu changa? Lolemba lija, pomwe bwana ankatuluka pageti, munaiwala za Lachitatu kapena munakumbukira n'kuona kuti zilibe kanthu? Bwanji simunandiuze Lachiwiri, atate akadali ndi mphamvu zokwera galimoto ina, ine ndikadali ndi masiku ofunafuna? Ndipo bwana wa makhalidwe abwino uja, wosaba uja, dzina lake ndani?

Mwatumiza munthu kawiri kudzakumbutsa za leba, malipiro a ntchito yanu. Ndalama yanu ilipo, sindikukana. Koma simudzailandirira ku Matero. Sutikesi ikadali pakhomo, chitenje, shuga, sopo ndi mchere zili momwemo, ndipo ziyenera kukafika kwa mwini wake. Galimoto ili bwino tsopano, mukudziwa inu kuposa aliyense. Bwerani tipitire limodzi ku Dedza. Ndiyendetsa ine, mafuta ndi anga. Inu mudzangonyamula sutikesi kuchokera pamsewu mpaka pakhomo. Ndipo Nachisale akadzayang'ana kumpando wakumbuyo n'kufunsa kuti mlongo wake ali kuti, ine ndidzakhala chete. Mudzamufotokozere inuyo za testi.